Laibulale ya ku Paris ndi ya ku London: iti inamangidwa mwanzeru?

Tikamakambirana za malaibulale akuluakulu, anzanga amathamangira kundionetsa zithunzi za nsanja zinayi zamagalasi za laibulale yaikulu ya dziko la France ku Paris, n'kumandifunsa chomwe ndimakondera chinyumba cha njerwa zofiira cha British Library ku London. Ndiyankhe pano kuti nkhaniyi ithe.

Muyeso wake ndi wakalekale, wa Vitruvius, mmisiri wa ku Roma wa m'nthawi ya Mfumu Augustus. Iye anati nyumba yabwino ikhale yolimba, yogwira ntchito imene anaimangira, komanso yokongola.

Pa kulimba sinditayapo nthawi, zonse ziwiri zili chiimire kuyambira m'ma 1990. Pa kukongola Paris atenge, bola muime patali. Wojambula pulani yake, Dominique Perrault, anaimika nsanja zotalika mamita 79, iliyonse yooneka ngati buku lotsegula, ndipo analandira nazo mphoto ya zomangamanga ya Mies van der Rohe mu 1996. Ya ku London ija, Charles adakali Prince of Wales anainyoza poyera isanathe n'komwe.

Pamene magazi anga amawira ndi pa ntchito yake. Vitruvius yemweyo analangiza kuti laibulale iziyang'ana kum'mawa, chifukwa ikayang'ana kumwera kapena kumadzulo mabuku amadyedwa ndi njenjete, n'kuola ndi chinyezi. Zaka 2,000 zapitazo munthu ankadziwa kale kuti funso loyamba ndi lakuti buku ligona pati. Koma ku Paris anazondotsa zinthu: mabuku anawakweza m'mwamba m'magalasi, owerenga n'kuwatsitsira pansi. Chonsecho pepala ndi dzuwa sizimwerana madzi. Likaombedwa nthawi yaitali limasanduka lachikasu, kenako n'kuyamba kufumbutuka. Ndiye kuseri kwa magalasiwo kuli zitseko zamatabwa zotchinga dzuwa. Taonani ndalama mmene inayendera: mwagula magalasi kuti kuwala kulowe, mwagulanso matabwa kuti kusalowe, kenako makina oziziritsa mpweya azilimbana ndi kutentha chaka ndi chaka.

Si zokhazo. Nsanjazo zili m'makona anayi otalikirana, moti buku limayenda ulendo wautali m'timabokosi tapanjanji lisanafike kwa amene waliitanitsa. Bwalo lalikulu lamatabwa la panja linatchuka ndi kuterera kukagwa mvula. Munda wa mitengo ya paini uli pakatipo ndi wongoonera pazenera, wowerenga saloledwa kukapumulamo.

Colin St John Wilson, wojambula pulani ya ku London, sanachite zamatsenga ayi, anangoika chilichonse pamalo pake. Mosungira mabuku anakumba pansi pa nthaka, mamita oposa 20, kumene kuli mdima ndiponso kutentha sikusinthasintha. Anthu anawapatsa zipinda zam'mwamba zolowa kuwala kwa masana. Nayenso ali ndi nsanja yake yamagalasi, yosungira mabuku a Mfumu George III, koma anaiimika m'kati mwenimweni mwa nyumbayo, kutali ndi dzuwa. Ngakhale zogwirira za m'masitepe anazikulunga chikopa, kuti dzanja lisakhudze chitsulo chozizira. Munthu woganizira dzanja la wowerenga ine ndimamukhululukira njerwa zake.

Komatu London nayo si yoyera. Wilson anayamba ntchitoyi mu 1962, owerenga oyamba n'kudzalowa mu 1997, pamene ku Paris Pulezidenti Mitterrand analengeza za laibulale yake mu 1988 n'kuitsegulira mu 1995. Boma la Britain linadula ndalama, nyumba inatuluka yaing'ono kusiyana ndi pulani yoyamba, ndipo mabuku ambiri ali kutali ku Boston Spa, ku Yorkshire. Mukaitanitsa la kumeneko, mudikira mwina masiku awiri. Zimenezo n'zowawa ndithu kwa munthu wobwera tsiku limodzi, koma mlanduwo ndi wa andale, osati wa wojambula pulani. Wa ku Paris uli mu pulani momwemo, ndipo simungaukonze popanda kusamutsa mabuku m'nsanjazo. Ine voti yanga ikupita ku London.