Telala wa pakhonde amene anatisokera zovala za kuguwa ku Nkhotakota

Chaka chatha, kutatsala miyezi iwiri kuti nyengo ya Adiventi, yokonzekera Khrisimasi, iyambe, akuluakulu a tchalitchi chathu chaching'ono cha Angilikani, chomwe chili m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota, anandituma kuti ndikafune munthu woti atisokere zovala za kuguwa. Mikanjo ya anyamata otumikira pa Misa inali itaperepeseka m'mawondo chifukwa chogwada, ndipo nsalu yoyala paguwa inali ndi madontho a phula la makandulo amene ngakhale amayi a Mothers' Union, omwe sagonja pa nkhani yochapa, anawalephera. Chopereka chathu chimakwera ndi kutsika malinga ndi mmene usipa waphedwera, choncho zoitanitsa zovala kunja sitinazilote n'komwe. Ndinapita kwa telala wina wachikulire amene amasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, pa makina akale a Singer opalasa ndi mapazi.

Bambo amenewa ndi Msilamu, ndipo ena a m'komiti anang'ung'udza atamva zimenezi. Ine sindinaonepo chachilendo, pakuti kuno zipembedzo ziwirizi zakhalirana pafupi kuyambira kale. David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mtsogoleri wachisilamu wa derali, pansi pa mkuyu kuno mu 1863, amishoni achiangilikani a bungwe la UMCA anakhazikika kuno mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa ku tchalitchi cha All Saints, kumene mawu oitanira anthu ku mzikiti amamveka bwino lomwe m'mamawa. Chimene ndinkafuna ine chinali munthu wodziwa mmene chovala chachitali chimagwera pathupi, ndipo munthu amene wakhala akusoka mikanjo yopitira ku mzikiti moyo wake wonse amadziwa zimenezi kuposa anyamata ozolowera kusoka masiketi ndi mayunifolomu a sukulu.

Luso lawo linaoneka tsiku loyeza. Ndinabwera ndi anyamata asanu ndi mmodzi, ndipo atamuyeza woyamba ali chiimire anamuuza kuti, "Tagwada, mwanawe, monga umachitira kutchalitchi kwanuko." Mnyamatayo anagwada bondo limodzi n'kudzuka, ndipo iwo anaika chizindikiro cha choko pamene mpendero uyenera kuthera kuti usakodwe ku chidendene munthu akamadzuka atanyamula kandulo kapena chofukizira lubani. Aliyense amene anaonapo mwana akupunthwa patsogolo pa guwa makala a lubani ali m'manja adziwa chifukwa chake ndinakondwera nazo. Mikanjo yakudayo inatuluka yomasuka m'mapewa, ya misoko yowirikiza, ndipo mkati mwa mpendero anasiyamo nsalu yokwanira kudzafutukula anawo akasinkhuka. Malaya oyera ovala pamwamba pa mkanjo anawasita ndi simbi ya makala popanda kusiya ndi kadontho komwe ka mwaye.

Pa mkanjo wa Bambo wansembe ndinapempha mabatani 39, ndipo atandifunsa chifukwa chake ndinawafotokozera kuti ambiri amati nambalayi imakumbutsa mfundo 39 za chikhulupiriro cha Angilikani. Sanaseke kapena kunena kuti zipi ikanachita msanga, koma anangoti munthu wopemphera amadziwa kuti kuwerenga kuli ndi ntchito yake, ndipo anaboola mabowo onsewo mofanana. Chimodzimodzinso nsalu ya paguwa. Mwambo wakale umafuna timitanda tisanu, tinayi m'makona ndi kamodzi pakati, pokumbukira mabala asanu a Ambuye, ndipo iwo anatisoka pamanja ndi ulusi woyera pa nsalu yoyera, moti munthu wokhala pabenchi sangatione, koma wansembe akawerama kuti apsompsone guwa amationa.

Apa ndiyenera kunena maganizo anga, ngakhale ndikudziwa kuti ena andiona ngati wachikale. Masiku ano kwabwera chizolowezi chosoka zovala za Misa ndi chitenje cha chikondwerero, chokhala ndi nkhope za anthu, zaka ndi mawu akuluakulu. Chitenje choterocho n'chabwino pabwalo, pamsonkhano ndi paphwando, ndipo mayi a kunyumba kwanga ali nazo zingapo, koma chovala cha wansembe paguwa ntchito yake ndi kumubisa munthuyo kuti mpingo uyang'ane Ukaristia. Amishoni a UMCA anatuluka m'chitsitsimutso cha mpingo wa Angilikani chimene chinayambira ku Oxford, ku England, mu 1833, ndipo ndi iwo amene anatisiyira lubani, kugwada, kulemba chizindikiro cha mtanda ndi mitundu ya nyengo: woyera pa Khrisimasi ndi Pasaka, wofiira pa Pentekoste ndi pa masiku a ofera chikhulupiriro, wobiriwira m'masabata wamba, wapepo pa Adiventi ndi Lenti. Gogo amene sanapite kusukulu amadziwa nyengo ya mpingo akangoona mtundu umene uli paguwa. Telala wathuyu, nditamuuza kuti sindikufuna maluwa kapena zonyezimira, anandimvera msanga kuposa mmene Akhristu anzanga ena amandimvera.

Komabe si zonse zinayenda bwino. Tinapangana kuti katundu yense atuluke Lamulungu loyamba la Adiventi lisanafike, ndipo ndinalipiriratu theka la ndalama, koma chasuble, chovala chachikulu chija wansembe amavala pamwamba pa zonse, chinachedwa ndi masabata awiri chifukwa pakhondepo panali patadzaza madilesi a Khrisimasi. Ndinapalasa njinga maulendo atatu, ulendo uliwonse n'kumauzidwa kuti, "Mawa, bambo, mawa ndithu." Cholakwa chachikulu chinali changa, chifukwa ndinawasiyira iwo kuti agule okha nsalu yapepo. Imene anapeza inali ya poliyesitala, yoterera ngati ya operekeza akwati, ndipo mtundu wake unapendekera ku pinki. Mwamwayi inafika Lamulungu lachitatu la Adiventi, tsiku limene mwambo wakale umalola mtundu wofanana ndi umenewo, moti Bambo wansembe anamwetulira n'kunena kuti telala wathu akuidziwa kalendala ya mpingo kuposa ife. Koma Lamulungu lachinayi linafika chovalacho chikadali chapinki, ndipo ndi kutentha kwa kuno mu Disembala Bambo anafika pa pemphero lopatulira mkate thukuta lili kamukamu. Titachichapa koyamba madzi a m'beseni anasanduka mtundu.

Mtengo wa ntchito yawo ndi woyenera, ndipo sanawonjezerepo kanthu pa zimene tinapangana. Mpingo umene ukufuna kuwapatsa ntchito uwatengere chovala chakale kuti aonerepo kadulidwe, ugule wokha nsalu ya thonje yosasuluka, ndipo upite kutatsala miyezi itatu, osati nthawi imene sukulu zikutsegulidwa kapena Khrisimasi ili pafupi. Ife tinabwereranso kwa iwo mu Januwale ndi nsalu yapepo weniweni imene ndinakasankha ndekha ku Lilongwe, ndipo chovala chatsopano chinafika kutatsala masiku anayi kuti tidzozedwe phulusa poyamba Lenti. Chapinki chija tinachipinda bwinobwino n'kuchiika m'bokosi la kusakristia, kumene chikudikira Lamulungu lachinayi la Lenti, tsiku lina limene mwambo umalola mtundu umenewo.