Ma beringi ndi ma disiki akutsogolo pa Corolla yakale: penipeni posungira ndalama ndi pati?

Amene muli ndi ma Corolla aja a NZE121, a 2000 mpaka 2006, ambiri afika poti kutsogolo kukulira wuuu ukangodutsa 60, kuponda buleki siteringi nkumanjenjemera. Makaniko amangoti sinthani zonse, beringi ndi ma disiki omwe. Koma izi ndi ntchito ziwiri zosiyana ndipo ndalama zake sizifanana phindu.

Tiyambe ndi beringi. Pa galimoto imeneyi beringi yakutsogolo simanga ndi mabawuti ayi, ndiyolowetsa ndi pulesa (makina okankha mwamphamvu) mkati mwa nakulo (chitsulo chakuseri kwa teyala chomwe chimagwira beringi), ndiye ukaichotsa yatha basi, mbali yake yamkati imatsalira pa habu (pomwe timamangapo teyala) mpaka kuchita kuidula kapena kuikoka ndi pula (chida chokokera). Choncho munthu akakuuzani kuti ali ndi beringi yasekondi yokhayokha, osaiyandikira. Yasekondi yomveka ndi kugula nakulo yonse ndi habu yake pamodzi, yochotsa pa galimoto ina, ngati zija zimapezeka ku Ndirande kapena ku Biwi. Ubwino wake palibe za pulesa, mwangomanga mwapita, komanso nthawi zambiri mumakhala beringi yomwe inabwera ndi galimotoyo kuchokera ku Japan. Kuipa kwake simukudziwa yayenda bwanji. Izungulitseni ndi dzanja, mukamva ngati muli mchenga kapena ikugwedera isiyeni, ndipo onetsetsani ngati ili ndi bowo la sensa ya ABS, poti ena amagula kenako pofika pagalaja nkuona kuti sizikugwirizana.

Beringi yatsopano ilipo mitundu iwiri, ya dzina monga Koyo, NSK, NTN kapena SKF, ndi zija za bokosi lokongola koma dzina losadziwika. Koyo ndi ya kampani ya JTEKT yomwe ili mgulu la Toyota, ndiye mukapeza yeniyeni mwagula pafupifupi chomwecho chimene mukanagula mu bokosi la Toyota, pamtengo wotsikirapo. Vuto ndi mafeki, mabokosi a mayina amenewa amakoperedwa kwambiri, Koyo yotchipa mofanana ndi yopanda dzina ija ndiyokayikitsa. Ine apa sindinyengerera, gulani ya dzina kwa wogulitsa amene mungabwerereko. Yotchipa ikafa pakatha miyezi yochepa mulipiranso makaniko, mulipiranso pulesa, alainimenti kachiwiri, ndipo habu ikamatulutsidwa pafupipafupi nayo imadyeka.

Komanso beringi yabwino imaphedwa ndi woika. Wina alibe pulesa akungomenya ndi hamala ndi chipaipi, timipira tamkati timasiya tizipsera munjira yake ndipo phokoso limabwerera musanaiwale nkomwe mtengo. Polowetsa mu nakulo mphamvu ipite pa mkombero wakunja, polowetsa habu muchirikize wamkati. Nati yaikulu ya shafuti, ya pakati pa habu, imafuna 216 Nm pa toki renchi (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), osati kuimirira pa chitsulo mpaka kutopa, ndipo ikhale yatsopano poti yakale inakhomedwa kale pamlomo.

Ma disiki ndiye nkhani ina, apa mutha kusunga ndalama osadziika pangozi. Njira zilipo zitatu, kusikima akale (kuwapala kuti asalale) pa makina a lefu, kugula atsopano, kapena asekondi. Chogamula si maso a makaniko koma muyeso. Pa disiki iliyonse analembapo MIN TH ndi nambala, omwe ndi malire a kupyapyala kwake, m'mphepete kapena pakati pamene pamakhala dzimbiri, palani muone. Pa timagalimoto totere kusiyana kwa disiki yatsopano ndi malire amenewo kumakhala mamilimita awiri okha, ndiye ngati yadyeka kale mpaka kupanga mlomo m'mphepete, kusikima kungoipyapyalitsa. Disiki yopyapyala imatentha msanga, muzaiona potsika ku Chikwawa kapena pa Chiweta mutanyamula anthu ndi katundu, mabuleki kununkha pedulo nkumapita pansi. Ngati nyama ilipo yokwanira ndipo vuto ndi mizere chabe kapena kunjenjemera pang'ono, sikimani, ndi zotchipa ndipo zimagwira.

Atsopano osakhala a Toyota ndilibe nawo mantha ngati mmene ndimaopera beringi yotchipa, disiki ndi chitsulo chabe mulibe choyenda mkati. Aja oboolaboola okongola aja asiyeni, pa galimoto ya injini ya 1.5 ngati imeneyi palibe chomwe akuwonjezera. Asekondi pokhapokha mwapita ndi veniya (chida choyezera kukhuthala) nkuyeza nokha. Chilichonse mwasankha sinthani mbali zonse ziwiri ndi mapadi atsopano, pamene beringi mutha kusintha mbali yomwe yafa yokha.

Ndalama zikakhala zochepa yambani ndi beringi. Beringi yogwedera imapangitsa disiki kuyenda mopotoka, mukaika disiki yatsopano pamenepo kunjenjemera kubweranso. Malire a kupotoka ndi 0.05 mm basi, ngakhale dzimbiri lotsalira pankhope ya habu limakwana kuwononga, ndiye makaniko apale ndi sandipepa asanaike disiki, ndipo manati a teyala amange modumphitsa pa 103 Nm.