Hatchi ija ndikadali nayo, nazi zomwe ndaona chiigulireni

Paja chaka chatha ndinalemba kuti ndagula hatchi kuno ku Thyolo, yaimuna yofulidwa, yotuwa, kwa banja lina lomwe limabwerera kwawo, ndipo ambiri munandiuza mosabisa kuti ndazungulira mutu. Ena munati zimenezi ndi za azungu a pa esiteti, ena munati bwanji osawonjezera ng'ombe ya mkaka ngati anthu ena onse a ku Bvumbwe ndi ku Goliati, ena mpaka kulosera kuti siitha miyezi itatu. Ilipo. Yadutsa dzinja lonse, yadutsanso chisanu cha June ndi July, dzina lake ndi Chiperoni ndipo panopa akundiyang'ana pa mpanda kudikira nsenjere, ndiye ndati ndifotokoze mmene zakhalira, zokoma ndi zowawa zomwe.

Tiyambe ndi ndalama poti ndi zomwe aliyense amafunsa. Kugula hatchi si nkhani ayi, nkhani ndi kuisunga. Ine ndinagula Kwacha isanagwe, kenako mu November 2023 anaigwetsa ndi 44 peresenti ija, ndiye mudziwe kuti pafupifupi chilichonse cha hatchi nchochokera kunja, mankhwala a njoka zam'mimba, zingwe, chishalo, helimeti, ngakhale tupa wopalira ziboda. Bajeti yomwe ndinalemba pachiyambi inangosanduka pepala loyatsira moto. Chofunika kwambiri ndi katemera wa matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness, amapangidwa ku Onderstepoort ku South Africa, amabaya kawiri motalikirana masabata atatu ndipo umayenera kubayitsa mvula isanayambe, chifukwa matendawa amafala ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma madzulo ndi m'bandakucha ndipo timachuluka kukanyowa. Hatchi yosabayitsa ikagwidwa nthawi zambiri ndi maliro basi. Matenda amenewa pamodzi ndi kashembe ndi omwe anachititsa kuti mahatchi asachuluke dziko lino kuyambira kale, paja azungu a nthawi ya Nyasaland ankayenda pa machila atanyamulidwa ndi agogo athu. Ndiye dzuwa likamapendeka ine ndimamulowetsa m'khola, amatuluka mame atayamba kuuma, palibe zokambirana.

Chakudya ndiye pali mkangano ndi aneba. Aliyense kuno amadziwa ng'ombe ya mkaka, ndiye aliyense amati "ingomupatsani madeya ambiri mayi anenepe". Ayi. Hatchi ili ndi chifu chaching'ono, siibzikula ngati ng'ombe, ndiponso siitha kusanza, ndiye ikadya zaufa zambiri nthawi imodzi m'mimba mumatsekeka kapena kufufuma ndipo ikhoza kufa usiku umodzi. Komanso madeya ali ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa, ukamangodalira amenewo mafupa amafooka. Chachikulu ndi udzu, pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwake tsiku lililonse ukakhala wouma, kwa Chiperoni amene ali cha m'ma 400 kg ndiye kuti pafupifupi 8 kg, madzi ndowa ziwiri kapena kuposa kukatentha. Madeya timbale tochepa ndi mchere wa ziweto. Vuto la Thyolo mukulidziwa kale, malo ambiri ndi tiyi ndi makadamiya, busa kulibe, ndiye timamweta nsenjere m'mbali mwa munda monga amachitira a ng'ombe, ndipo mu April ndi May ndimaumitsa udzu wosunga. Ukaphonya miyezi imeneyo October adzakuliza.

Ziboda zimafunika kudula ndi kupala pakatha masabata 6 mpaka 8. Apa ndiye ndinachita mwayi chifukwa m'mudzi woyandikana nafe muli mkulu wina yemwe ali mnyamata ankasamala mahatchi a bwana wina pa esiteti, ine ndimangowatchula malume ngakhale si achibale. Manja awo akunjenjemera tsopano koma akagwira mwendo wa hatchi amaoneka ngati abwerera zaka makumi atatu kumbuyo. Ndi iwo anandiphunzitsa kutokosa pansi pa chiboda tsiku lililonse, chifukwa matope a kuno ndi chinyezi cha chiperoni zimawoletsa pakati pa chibodapo, pamatuluka zakuda zonunkha moti simungaiwale.

Koma zomwe ndimafuna kunena kwenikweni si zimenezi. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndinali munthu wofunsa. Kugula chitenje ndifunse achemwali, kusintha sukulu ya mwana ndifunse anthu asanu ndipo wachisanu akatsutsana ndi woyamba ndiyambirenso, ku ntchito pa msonkhano ndikhale ndi yankho m'mutu koma ndidikire wina anene kaye kuti ndione ngati ndikulondola. Sindinagule hatchi kuti ichiritse zimenezo ayi, ndinagula chifukwa ndinkaisirira chabe kuyambira ndili mwana. Koma kuphunzitsa hatchi kuli ndi kanthu kamodzi komwe sikalola munthu wotero kupitiriza khalidwe lakelo.

Kanthu kake ndi aka. Hatchi imaphunzira osati pamene ukuikakamiza koma pamene wasiya kuikakamiza. Ukufuna ipite kutsogolo, umafinya pang'ono ndi miyendo, ikangosuntha ngakhale chiboda chimodzi umamasula pompo, ndiye iyo imati ohoo, kani ndikatere ndimapeza mtendere. Ukachedwa kumasula ngakhale kamphindi kakang'ono ndiye kuti waiphunzitsa china, kapena waiuza kuti kumvera kulibe phindu. Ukafulumira kumasula isanachite, waiphunzitsa kuti kukana kumalipira. Ndiye ndiuzeni, pa kamphindi kameneko mufunsa ndani? Foni ili m'thumba, malume ali pa mpanda patali, amuna anga ali ku Limbe. Ndi iwe ndi zomwe thupi lako lamva, basi. Zili ngati kuthira ufa pa nsima, palibe mayi amene amatuluka kukafunsa aneba ngati phala lakwana, mthiko umakuuza m'dzanja momwemo.

Kumene ndinazimvetsa bwino ndi pa kamlatho kena kamatabwa pa kamtsinje kotsikira kumunsi kwa minda ya tiyi. Chiperoni anafika pamenepo nkuima nji, makutu onse kutsogolo, mphuno kutukumuka nkumapumira mwamphamvu, ine ndikumva msana wake ukulimba pansi pa chishalo. Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, imaona pafupifupi mozungulira monse koma siiona bwino pansi pa mphuno yake penipeni ndi kumbuyo kwenikweni, ndiye ikafuna kuona chinthu chapansi imatsitsa mutu. Ndinamupatsa chingwe kuti atsitse, ananunkhiza thabwa, anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, azimayi othyola tiyi atabereka madengu awo anaima kumtunda nkumaonerera, wina mpaka kufuula kuti "ikwapuleni mayi imeneyo ikukuyesani!" Ine m'mimba muli chipwirikiti koma ndinamva ndithu kuti uku si kuderera, ndi mantha, chifukwa khutu limodzi limabwerera kwa ine kenako kubwerera ku mlatho, ngati akufunsa. Ndinapuma mpweya wautali, ndinayang'ana kutsidya osati pa matabwa, kufinya pang'ono, anasuntha chiboda chimodzi, kumasula. Kudikira. Kufinyanso. Chiboda chinagunda thabwa nkulira guu, anadzidzimuka, koma sindinakoke chingwe. Tinatha nthawi yaitali pamenepo moti oonerera ena anatopa nkubwerera ku ntchito, kenako anangowoloka yekha mwakachetechete ngati wakhala akuwoloka moyo wake wonse.

Nditawafotokozera malume anangoti, "Eya mayi, hatchi siinamizika. Mukati tiyeni, mtima wanu uzikhala utawoloka kale. Mukamanena tiyeni ndi miyendo koma manja akuti ayi, iyo imamvera manja." Ndipo ndi zoona, nyamayi ndi yodyedwa kutchire, moyo wake wonse ndi kuwerenga matupi a anzake kuti idziwe ngati kuli chilombo. Ukagwira mpweya imadziwa. Ukalimbitsa mapewa imadziwa. Munthu ukhoza kumumwetulira uli ndi mantha osazindikira, koma uyu ayi ndithu.

Chachiwiri chinachitika mu February mvula ili pakati. M'mawa wina ndinapeza wasiya madeya ake, chinthu chomwe sachita, mutu uli pansi, maso ofooka. Sanali kugudubuzika kapena kuyang'ana m'mimba, ndiye anthu a pakhomo onse anati ndi kuzizira chabe, kwacha ndi nkhungu, dikirani dzuwa lituluke. Malume anali ku maliro ku Luchenza foni yothima. Ndinatenga themometa, inaonetsa 39.8, pomwe hatchi yabwinobwino imakhala pakati pa 37.5 ndi 38.5. Ndinakweza mlomo wake kuona nkhama, m'malo mofiirira zinali zotuwa mopita ku chikasu. Alangizi a ziweto a kuno ndi akatswiri pa ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba koma hatchi sakumana nazo, ndiye panafunika kuitana dokotala wa ziweto kuchokera ku Blantyre, thiransipoti ndi zonse pa ine, ndalama yomwe ndinasungira feteleza wobereketsa. Amuna anga anati "Amayi a mwana, bwanji tione kaye mpaka mawa?" ndipo sankanena mwankhanza, ndalama inalidi yovuta. Ine wakale ndikanati chabwino, kenako nkuimbira achemwali, kenako nkudikira mawa. Ndinangoti ayi bambo, ndikuimba pano, hatchiyi ndimaiona tsiku lililonse ndipo siili bwino. Adokotala atabwera nkuyeza magazi anapeza matenda a nkhupakupa aja amaononga magazi, anabaya jakisoni, ndipo anati pa matenda amenewa kufulumira ndiye mankhwala oyamba. Anachira pang'onopang'ono, kwa masabata angapo sindinamukwere, timangoyenda wapansi ndikumukoka. Chichitikireni zimenezo nkhupakupa ndimazisaka ndi zala madzulo aliwonse, m'makutu, pansi pa mchira, pakati pa miyendo yakumbuyo.

Sindikufuna kukokomeza ngati aja amati chiweto chinasintha moyo wanga wonse. Ngongole zilipobe, mantha aliponso, mpaka lero kuthamanga kwenikweni kuja sindinakuzolowere, timayenda ndi kudumphadumpha pang'ono basi ndipo sindikupepesa kwa aliyense. Koma pali zina zomwe ndaziona. Ku banki m'khonde yathu mchibale wina anafuna ngongole yachiwiri yoyamba asanabweze, anthu onse maso pansi poti ndi mkazi wa munthu wodziwika, ine ndinamva pakamwa panga pakutuluka ayi wodekha, wopanda kukalipa komanso wopanda kupepesa kambirimbiri, ayi yemweyo amene ndimauza Chiperoni akafuna kundikankha ndi phewa pa geti. Ndinadabwa nane. Ndikuganiza kuti ukazolowera kuimitsa chinyama cha 400 kg ndi kaimidwe kako kokha, kuimitsa munthu ndi mawu sikuoneka chinthu choopsa kwambiri. Achemwali anga akudandaula kuti masiku ano ndimawauza zinthu nditachita kale.

Zosakoma zina ndi izi, mwachidule. Chishalo chomwe chinabwera naye chinamutupitsa pamsana atachepa thupi nthawi yodwala ija, ndipo kupeza china chomukwana m'dziko muno ndi ntchito, ndinachita kuitanitsa kudzera kwa munthu wopita ku Johannesburg. A kabaza a njinga zamoto amaimba hutala akafika pafupi penipeni kuti aone ngati ilumphe, ndiye msewu waukulu wa Limbe kupita ku Thyolo boma sindiuyandikira, ndimadutsa tinjira ta m'mabulugama. Ana amatithamangira akukuwa "bulu! bulu!" zomwe Chiperoni anazolowera kuposa ine. Komanso hatchi ndi nyama ya gulu, payokha imasungulumwa nkuyamba kutafuna matabwa a khola, ndiye ndinamuikira mbuzi ziwiri ndipo pano sapita kulikonse osayang'ana kaye komwe zili. Ulendo wogona ndinaiwala, ngakhale ku ukwati ku Mulanje ndimabwerera tsiku lomwelo.

Ndiye kwa amene mwakhala mukufunsa ngati nanunso mugule, ine ndingati ngati mulibe malo a udzu, mulibe munthu wodziwa ziboda pafupi, kapena mumakhala madera a kashembe monga kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza, musayerekeze, muzunza chiweto ndi thumba lanu. Pitani kaye mukakwere kumene amakweza anthu, ku Kande ku Nkhata Bay kuli mahatchi, ndipo mukapemphe kuti akuonetseninso ntchito ya m'khola osati kukwera kokha, muone ngati fungo la ndowe m'mawa mungalipirire. Koma ngati zonsezo zilipo ndipo mumadzuka m'mamawa osadandaula, ine sindinanong'onezepo bondo.

Pano ndikumanga kashedi kosungira udzu kuti chaka chino usanyowe, ndipo ndagwirizana ndi eni mahatchi ena a ku Blantyre kuti tiitanitse katemera pamodzi mtengo utsikeko. Ndipo kwa inu atatu kapena anayi amene mwandiimbira kufuna kumubwereka kuti akanyamule mkwatibwi pa ukwati kapena kujambulira vidiyo ya nyimbo, ndalama mwatchulazo ndi zabwino ndithu, koma ayi. Phokoso la zimbale ndi nthungululu sanaphunzire, ndipo sindikupereka.