Kalabu yosamalira chilengedwe: kodi kulowamo kuli ndi phindu?

Kalabu ya anthu ongodzipereka ilibe malipiro, ndipo olowa akuyembekezera alawansi sachedwa kuzimiririka. Chomwe membala amapata ndi luso, makamaka la nazale, komanso zipangizo zobwerekana monga wilibala, makeni othirira ndi machubu. Makalabu ena amagawiranso mamembala mbande zokaoka pakhomo.

Kulowa n'kosavuta: mulembetsa kwa mlembi, mupereka kandalama ka umembala ngati malamulo akutero, kenako akuikani pa ndandanda wa othirira. Mayeso enieni ali pa ndandandawo, chifukwa mbande sizidziwa tchuthi.

Ubwino wa kalabu umaonekera pa nazale. Kumeneko mumaphunzira kusakaniza magawo 2 a dothi lapamwamba, gawo 1 la mchenga ndi gawo 1 la manyowa owolerana, poti aawisi amatentha mizu. Njere zolimba khungu ngati za msangu mumazicheka pang'ono ndi chowengera zikhadabo, kumbali yotalikirana ndi kaso kake, kachipsera ka pomwe muzu umatulukira. Mukapanda kutero zambiri zimangokhala m'chubu nthawi yaitali osamera. Timbande tikayamba kuwola m'tsinde n'kumagwa, ndiye kuti madzi achuluka ndipo mthunzi wathithikana, choncho chepetsani kuthirira n'kupungulako udzu pashedi. Pakatha milungu iwiri iliyonse machubu amasunthidwa ndipo mizu yotulukira kunsi imadulidwa, isanalowerere m'nthaka. Kukatsala milungu 3 kapena 4 kuti muoke, mthunzi umachotsedwa ndipo madzi amachepetsedwa kuti mbande zikhwime. Dzenje likhale la masentimita 30 m'litali, m'lifupi ndi kuya, dothi lapamwamba liyambe kubwerera pansi, chubu ching'ambidwe osagumula dothi la kumizu.

Pomwe makalabu ambiri amapunthwa ndi mitengo ikalowa m'nthaka. Tsiku lodzala anthu amabwera mwaunyinji, zithunzi zimajambulidwa, koma nthawi yopalira, kutchingira mbuzi, kuyang'ana chiswe ndi kulambula njira yoletsa moto udzu usanaume, kumapezeka anthu atatu. Misonkhano nayo imatha kudya m'mawa wonse pokangana za maudindo.

Tsono musanalembetse, musafunse kuti anadzala mitengo ingati. Funsani kuti pa mitengo ya chaka chatha yatsala ingati, ndipo m'malo mwa yakufa anapakizamo liti. Pemphani kuona kaundula wa nazale ndi buku la msungichuma. Ngati zonsezi zilipo ndipo mungathe kupatula maola angapo pa sabata m'nyengo yachilimwe, lowani. Akayamba kuyang'anana posowa yankho, kafufuzeni kalabu ina.