Mafilimu akale a pa kashopu ka ku Ulongué

Kashopu koika mafilimu mu fulashi, kamene kali pafupi ndi msika wa ku Ulongué m'boma la Angónia ku Mozambique, kali ndi mafilimu akale ambiri oti munthu akaonere kunyumba. Ndakhutira kwambiri ndi "Modern Times" ya Charlie Chaplin, ya 1936, chifukwa pafupifupi nkhani yonse imanenedwa ndi manja ndi nkhope basi, moti ngakhale agogo osamva Chingerezi amaseka mpaka misozi poona munthu akumezedwa ndi makina a m'fakitale. "Enter the Dragon" ya Bruce Lee, ya 1973, anaikopera moipa: zithunzi sizioneka bwino, ndipo mawu a Chipwitikizi olembedwa m'munsi amachedwa kutuluka. Mtengo ndi wabwino, koma musanalipire pemphani mnyamata wogulitsayo akuonetseni kaye filimuyo pa kompyuta.