Dipuloma ya malonda a kunja: nyenyezi zitatu, ziwiri ndi za Amayi aja

Ndikunena za dipuloma ija ya anthu amene ali kale ndi digiri, yophunzitsa kuyambitsa kampani yochita malonda ndi mayiko ena, ya Loweruka ndi Lamulungu ku Lilongwe. Fizi yake mukuidziwa, sindiitchula kuopa BP. Ine ndimagula mpunga kwa alimi a ku Lifuwu kuno ku Salima, ndimakonoletsa n'kulongedza, ndipo ndinalembetsa kuti ndizitumiza ndekha ku Chipata m'dzina la kampani yanga, osati kudzera mwa anthu ena.

Chandilembetsa ndemangayi ndi ulendo wa ku Mchinji. Pa kapepala kotsatsa analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ophunzira adzapita pa boda ya Mchinji ndi Mwami kukaona ndi maso momwe katundu amadutsira. Ulendowo unali ndi ndalama yakeyake pamwamba pa fizi, ndipo tinalipira. Mkulu woyendetsa maphunzirowa anatiuza tsiku, n'kuopseza kuti basi inyamuka 7 koloko, wochedwa asiyidwa. A ku Salima mukudziwa zomwe zimachitika ukauzidwa choncho: kudzuka tambala asanalire, kukakhala m'minibasi pa Kamuzu Road kudikira kuti idzaze, kenako zitunda za msewu wa M14 mtima uli m'mwamba. Mnzanga wa ku Dwangwa anachita kukagona ku Lilongwe, chipinda cholipira m'thumba mwake. Kufika pageti, basi kulibe, mlonda sakudziwa chilichonse. Kuimba foni, ikungolira. Dzuwa litatentha ndithu m'pamene bwanayo anatulukira, makiyi a galimoto akuzunguza pachala, n'kumati, "Aa, kodi simunaone uthenga? Tinaimitsatu usiku." Uthengawo anauponya pa gulu la WhatsApp la ophunzira a m'tauni, lomwe ife akutali sanatiikemo n'komwe.

Ndinati, "Bwana, nanga ndalama yathu ya ulendo?" Iwo, "Achimwene, ine sindigwira ndalama, pitani ku akaunti." Ku akaunti anatibweza kwa iwo omwewo. Mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pawo tsiku limenelo kapena lina lililonse. M'malo mwake anatilowetsa m'kalasi n'kutionetsa kanema wa doko la Rotterdam, makontena akukwezedwa m'sitima zapamadzi. Munthu wa matumba a mpunga pa thiraki yobwereka, Rotterdam ndipange nayo chiyani? Ulendowo sunachitikenso, ndalamayo sinabwerenso.

Makalasi ambiri anali a mtundu womwewo: zitsanzo za Amazon ndi Alibaba, manotsi ochokera pa intaneti, ndi mphunzitsi wina amene anatha masabata akutamanda AfCFTA, mgwirizano wa malonda wa mayiko a mu Africa, koma atafunsidwa za CD1, fomu ya ku banki ya otumiza katundu kunja, anati tikafufuze tokha. Zipinda n'zaukhondo, intaneti imagwira ikafuna.

Ndikanangopereka nyenyezi imodzi pakanapanda Amayi ena achikulire omwe anabwera teremu yachiwiri. Si mphunzitsi wokhazikika, anagwira ntchito yothandiza amalonda kutulutsa katundu pa boda za Mwanza ndi Songwe kwa zaka zambiri. Analowa ndi faili yakuda yong'ambika m'mbali, muli mafomu enieni a zidindo, mayina atawafufuta ndi inki. Anafunsa aliyense wa ife zomwe amagulitsa, ndipo kuyambira pamenepo ine ndinangokhala "Abambo a mpunga". Anatiyalira zonse m'ndondomeko yake: kulembetsa kampani kwa Registrar General, kutenga TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku MRA, kutsegula akaunti ya kampani. Kenako anati mpunga sutuluka chisawawa, umafuna layisensi ya ku Unduna wa Zamalonda pansi pa lamulo la Control of Goods la 2018, komanso satifiketi ya a zaulimi yotsimikiza kuti mulibe tizilombo, ndipo wogula wa ku Zambia nayenso akhale ndi chilolezo cholowetsera cha kwawo thiraki isananyamuke. Anatisonyeza satifiketi ya COMESA, bungwe la malonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yonena kuti katundu ndi wa ku Malawi, n'kufotokoza kuti Malawi ndi Zambia onse ali m'dera la malonda opanda msonkho wa kasitomu kuyambira 2000, koma pepalalo likasowa ulipira ngati katundu wachokera kutali. Kwa ongoyamba anatchula njira yachidule ya COMESA ya katundu wosaposa madola 2,000 yemwe ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwa anagwirizana, ndiponso kuti pa boda pamakhala desiki yothandiza amalonda ang'onoang'ono kudzaza mafomu.

Tsiku lina anandiimika pa bolodi kuti ndiwerengere mtengo wa thumba la makilogalamu 50 likafika ku Chipata. Ndikalemba, iwo akufunsa. "Okweza mwawalipira? Otsitsa? Thiraki ikagona pa boda, dalaivala adya chiyani, ndipo mwini galimoto akulipiritsani zingati? Thumba likanyowa pa njira, ndi lanu kapena la wogula?" Apa m'pamene zilembo zija za FCA ndi DAP, zomwe mphunzitsi wina anangotiloweza, zinakhala nkhani ya ndalama: FCA n'kupereka katundu kwa wonyamula wa wogula kuno ku Salima, DAP n'kumusenza mpaka pakhomo pa wogulayo. Anatikumbutsa kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo uliwonse wolembera wogula uzinena ndalama yanji ndipo utha tsiku liti. Za CD1 anafotokoza mphindi zochepa chabe: ndi lonjezo lako kudzera ku banki kuti ndalama za katundu wotuluka zibwera m'dziko muno, ndipo mu 2021 Reserve Bank inalamula kuti 30 peresenti ya ndalama zakunjazo izigulitsidwa, ndiye uzifunsa ku banki yako kuti lamulo lili pati usanawerengere phindu. Za AfCFTA anangoseka n'kuti, "Abambo, yambani mwafika ku Chipata."

Katundu wanga woyamba anadutsa pa Mchinji ndi mapepala omwe Amayiwa anandiwerengera pa foni usiku, osandilipiritsa kanthu. Ndiye sindinganene kuti musapite. Koma musanalipire funsani ngati Amayi a za kasitomu akuphunzitsabe chaka chimenecho, ndipo ndalama ya ulendo muzikapereka basi itaima pageti. Amene mukuchokera ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, onetsetsani kuti akuikani pa gulu lililonse la WhatsApp tsiku loyamba lomwelo. Satifiketi sanatipatsebe, akuti ili pa tebulo la bwana yemwe uja kudikira siginecha.