Kathumba ka foni pa Dziwe la Nkhalamba

Ndisanapite ku Mulanje ndinagula kathumba kapulasitiki koteteza foni kumadzi, kachingwe kokoloweka m'khosi kaja. Pa Dziwe la Nkhalamba ndinalowa nako m'madzi mpaka m'chifuwa. Kuzizira kwake abale inu, mano anachita kugwagwaja! Koma foni sinalowe ngakhale dontho.

Vuto ndi zithunzi. Timadontho tinkakakamira papulasitiki patsogolo pa kamera, ndiye mathithi a Likhubula anatuluka ngati ndawajambula m'chifunga. Sikirini nayo sinkamva chala chonyowa, mpaka ndinayamba kujambulira batani la voliyumu. Mlamu wanga atapukuta pulasitikiyo ndi nsonga ya chitenje, zinayamba kuoneka bwinoko.

Posambira nkabwino ndithu. Chithunzi chimene ndapachika kuchipinda ndinajambula foni ili pamtunda, nditakhala pamwala wouma.